Zovala zawo m'thumba la feteleza

Okondedwa achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joniko. Kuno tilipo, koma mwendo wa amayi ukuvutabe.

Alamu anu, bambo a Chisomo, agwanso. Anatha miyezi isanu ndi itatu osalawa kachasu, Lachitatu lililonse ali ku gulu la kutchalitchi la osiya mowa. Ndiye pamaliro a atsibweni ku Milonde, adzukulu okumba manda anawapatsa kapu. Atakana, wina anati, "Wokana mowa wa kumanda akudziwa chimene chadya malemu." Anamwa mpaka kugona m'ngalande, anthu akuseka.

Anzawo a gulu anawanyamula panjinga, kuwasambitsa, n'kubwera nawo pakhomo. Mkulu wawo anati, "Mayi, ndi m'bale wathu uyu, alandireni."

Ndinati, "Ngati ndi m'bale wanu, mtengeni." Zovala ndinawaponyera m'thumba la feteleza. Ndimayesa athawa, koma anawatengadi! Akugona kwa anzawowo mosinthana, ndipo Chisomo akumakadya komweko.

Munditumizire loko wamkulu wa pachitseko. Mulungu akusungeni. Alamu anuwo musavutike kuwapempherera, owapempherera ali nawo ambiri. Ine ndi amene ndilibe.

Ndine mng'ono wanu,
Esinati