Nsalu ya pa Guwa Sindinasoke Ndine

Bulangililo, Kitwe

Mwana wanga Barnabas,

Ndikhulupirira uli bwino ku Solwezi, ndipo chifuwa chija chakusiya. Kuno tadzuka. Miyendo ndi yomwe ija, madzi pampopi abwera tsiku limene afuna okha.

Lamulungu ndinakudulira foni, ndikudziwa. Unandikalipira m'Chizungu, akuti zimene ndachita kwa mkazi wako Lorna si feya. Ine ndinakubala m'Chinyanja, ukafuna kundinyoza uzinyoza momwemo. Koma mawu akowo andikhala pakhosi sabata yonse, ndiye khala pansi umve.

Feya ndimamudziwa, usaganize kuti wabwera naye ndiwe. Atate ako anabwera naye kuchokera ku mgodi. Anaphunzitsa kamzungu kena kuyendetsa makina apansi, kosadziwa ngakhale kumanga chisoti. Chaka chisanathe, kamzunguko kanaitanidwa kutsogolo, kuomberedwa m'manja, atate ako ali kumbuyo nawonso akuomba. Abwana anati kumeneko zonse zimayenda feya. Atate ako anati mawu amenewo ndi abwino, koma amakonda kutuluka m'kamwa mwa amene wadya kale. Ine ndinawatukwana abwanawo zaka fote.

Lero bwana ndine.

Nsalu ya pa guwa ija a Fada anandipatsa kuti ndisoke maluwa a Pasaka, monga ndachitira zaka twente. Lorna anaitenga kunyumba kwanu ku Luangwa konkuno ku Kitwe, akuti akaisite. Inabwera patapita masiku folo. Nditaigwira, zala zinandiuza. Mfundo zanga ndimazidziwa, izi zinali zing'onozing'ono, zogona bwino. Anamasula zanga zonse nayamba pachiyambi. Pobweza anangoti mayo, ndiko kuti amayi m'Chibemba chakwawo, nsalu yanu iyi.

Pa Misa a Fada ananditchula dzina, nati ndiimirire. Ndinaimirira. Azimayi a Anna Woyera nthungululu, ena kundiyamika m'Chibemba, mwabombeni, mwabombeni, kundigwira manja ngati ndachiritsa munthu. Lorna anali kumbuyo. Ndinamva kuomba kwake.

Iwe ukuganiza ndinatero chifukwa sindimufuna, poti ndinakana ukwati wanu ndi kunena kuti Mubemba sadzasunga nyumba. Ndinanenadi, pakamwa panga sipanayambe dzulo. Koma chifukwa si chimenecho.

Barnabas, maso anga apita. Zilembo zikuluzikuluzi si kunyada. Lamanzere ndi nkhungu yokhayokha, lamanja likutsatira. Ulusi wofiira ndi wobiriwira ndimasiyanitsa pofunsa. Maluwa anga, Lorna nditamukakamiza anavomera kuti ena anali pamwamba pa anzawo, lina linatulukira m'mphepete.

Ndiye ndikanena kuti anasoka ndi Lorna, anthu afunsa chifukwa. Mlongo wako Juliana akamva, mawa lake ali pakhomo ndi galimoto. Anandiuza kale kuti tsiku limene maso adzafooka, ndikupita kwa iye ku Ndola, nyumba ino alowemo ena. Nyumba imene ndimayenda osayang'ana, ndikudziwa pali chitseko, pali mbaula, pali mtengo wa mapeyala wa atate ako. Kwa Juliana ku Nkwazi ndikakhala pampando ngati katundu, kudikira wondiperekeza kuchimbudzi.

Lorna zonsezi anaziona kalekale, sanauze munthu za maso, ngakhale iwe. Anakuuza za nsalu yokha poti unamupeza ndi zala zotupa. Mkazi amene ndinamunena uja ndiye wandisungira nyumba.

Ndatopa, mwanawe. Kubisa kutopetsa kuposa kusoka. Lamulungu likubwerali, pa nthawi ya zolengeza, ndipita kutsogolo ndikanene ndekha kuti manja aja anaombera munthu wolakwika. Sindidzanena m'Chizungu. Ndidzangoti nsalu iyi anasoka ndi mpongozi wanga, ndipo ine pa msinkhu wake sindinkafika pamenepo.

Ndikupempha ziwiri. Juliana usamuuze, amve Lolemba, ndigoneko masiku awa m'nyumba mwanga mwamtendere. Akadzabwera ndi galimoto yake, ubwere nawe, undilankhulireko.

Chachiwiri, umuimbire Lorna. Ine ndayesa kawiri, pakamwa pakana. Umuuze akhale pafupi nane, osati kumbuyo. Kutsogolo kuja kuli masitepe atatu ndipo sindiwaonanso. Adzandigwire dzanja.

Upereke moni kwa anzako a m'nyumba. Mulungu akutulutse mu mgodimo wamoyo tsiku lililonse.

Ndine amako,
Anastazia