Mawu a Ababa Akukana Kutseguka

Lolemba, 4 Novembala

Kutentha koopsa. Phiri silikuoneka n'komwe.

Loweruka tikuvundukula chiliza cha ababa kwawo ku Milonde, ndipo pakamwa pangapa pandipachika kale. Ndinauza a Chester, ang'ono awo a ababa, kuti ndapeza mawu a malemu. Iwo alengeza kwa abale onse, abwereka ndi sipika ya kutchalitchi.

Mawuwo ali m'kachipangizo kojambulira kamene ababa ankayenda nako m'thumba la jekete. Mafayilo ndakopera mu laputopu. Kudina, zii. Kudinanso, zii. Linux wanga, pulogalamu yoyendetsa laputopuyi, ndi nkhalamba, nkhokwe yake ya mapulogalamu inatsekedwa kalekale, ukaitanitsa chinthu amangoti kulibe.

Bryson, mnzanga wa kukoleji, pafoni: "Koka ffmpeg, pulogalamu yotembenuza mafayilo a mawu kuti atseguke, koma source yake, yosamangamanga ija, umange wekha pamakina akowo. Sizovuta aise." Kwa Bryson palibe chovuta.

Lachiwiri, 5 Novembala

Kunyumba netiweki ndi ya mwayi. Kabaza mpaka pa Chonde, kukhala pakhonde la sitolo, kukoka fayilo. Kubwerera. Kumasula. Kulemba ./configure, kumene ndi kufunsa makina ngati ziwiya zonse zomangira zilipo.

Mizere mbwee, kenako yaima. Akuti nasm palibe. Nasm ndiye ndaninso?

Chonde kachiwiri, dzuwa lili paliwombo. Wakabaza mpaka kundifunsa ngati ndapeza chibwenzi kumsika. Nasm nayenso ngofunika kumumanga kaye. Kumanga chomangira kuti umangire chinthu china! Bandulo yatsala ya moni basi.

Amayi sakufunsa kanthu za mawuwa. Akungosankha nyemba za Loweruka.

Lachitatu, 6 Novembala

Configure yadutsa! Ndinavina ndekha m'chipinda. Ndalemba make, lamulo loti kumanga kuyambe, zilembo zayamba kuthamanga, fani ikulira ngati chigayo. Bryson akuti pamakina otopa ngati angawa ndidikire maola, ndisagwire chilichonse.

Kukhala pansi kukukanika. Kusesa posesa kale. Kusuzumira. Kutuluka. Kusuzumiranso.

Masana mitambo yatsika m'phiri, bingu gugudu. Ine ndili kuseri kuanula zovala. Polowa, laputopu yakuda bii, chingwe chili pansi. Batire yake inafa chaka chatha, imadalira khoma.

Amayi: "Mphenzi ikamabwera timazula zonse. Wayamba liti kuiwala?"

Sindinaiwale. Nyumba ino bingu likangolira, wailesi kuzula, kalilole kuphimba nsalu, aliyense kukhala pansi. Kungoti sindinaganize kuti lamulolo lifika ndi kuchipinda kwanga.

Lachinayi, 7 Novembala

Ndimati ipitirira pamene inalekera. Ayi. Fayilo ina inaduka pakati magetsi atazulidwa, zonse zikukana kulumikizana. make clean, kuyambiranso pachiyambi. Mtima uli m'mwamba.

Ndawapempha amayi mwaulemu wonse, chonde chingwe ichi musachikhudze ngakhale kunja kung'ambike. Avomera. A Chester aimba kuti ndikawathandize kukweza matumba a chimanga pagalimoto. Ndapita, mvula yandipeza komweko.

Kubwera, chingwe chili m'malo mwake ndithu. Koma laputopu yafunditsidwa bulangete la ababa, lokhuthala lija, mopinda kawiri. Kuvundukula, yotentha yosagwirika. Yazima yokha.

Amayi: "Sindinazule. Koma galasi lowala chonchija, mphenzi ili pamwamba, ndilisiye poyera?"

Ndakalipa. Mawu amene sindinawalankhulepo kwa amayi. Ndati kodi simukufuna kuwamva amuna anu? Atola bulangete, alipinda bwinobwino, atuluka.

Ndikudzida. Komanso mkwiyo sunathe. Zonse ziwiri pamodzi.

A Chester pa WhatsApp: "Iwe Chiyembekezo mwanawe, anthu a ku Mozambique akubweratu chifukwa cha mawuwo." Ndayankha kachala kokweza. Bodza la chala chimodzi.

Lachisanu, 8 Novembala

Kuyamba m'mamawa, bingu limakonda masana. Laputopu pamwamba pa njerwa ziwiri kuti ipume. Ine pampando, chitseko chotseka, tiyi wazizira osamwa.

Chakumasana zilembo zaima. Palibe Error. Ndawerenga mzere womaliza mobwereza, osakhulupirira. Kwatsala kuikhazika m'makina: sudo make install. Pasiwedi ndalakwitsa, ndalembanso.

Fayilo yoyamba ndaitembenuza. Kudina.

Kutsokomola kuja. Kwawo kwenikweni, kokonza kukhosi asanayambe nkhani. Misozi yangotsika yokha.

Kenako ayamba kulankhula. Chilomwe. Fayilo yachiwiri, Chilomwe. Onse, Chilomwe chokhachokha. Ine Chilomwe changa chimathera pa moni. Ababa anga akulankhula m'chipinda changa, momveka bwino, ine osatolapo kanthu.

Sindinamve chitseko chikutseguka. Amayi ali chiimire, lichero m'manja. Akhala pansi pomwepo, pasimenti. Ababa anena kanthu, aseka, adikira pang'ono. Amayi awayankha. Mokweza, m'Chilomwe, ngati munthu ali pakhonde. Pa zonena za ababa, mawu amodzi okha ndinawagwira: Dyna. Dzina la amayi. Chimwalirire ababa palibe amene wawaitana choncho.

Ndafunsa kuti akuti chiyani. "Si za pasipika izi. Amalankhula ndi ine."

Ndati nanga a Chester, nanga alendo? "Bwezera poyamba paja."

Ndabwezera. Kunja bingu layamba. Sanadzuke kukazula kanthu.

Loweruka, 9 Novembala

Galimoto yafika. A Chester ali m'galimotomo pabwalo, suti yakuda, sipika aikumbatira pamiyendo kuti isagubuduke. Dalaivala akuimba hutala.

Laputopu ili kuchipinda kwa amayi. Anandiuza ndiwasonyeze podina, chitseko akhoma. Ndikumva ababa akuseka mkatimo.

Sabata yonse ndimalimbana kuti mawuwa atseguke. Atseguka, ndipo si anga, si a abale.

A Chester akuitana dzina langa. Ndikutuluka chimanjamanja. Ndikawauza kuti mawuwo ndi a amayi, pasipika sapita.