Alamu Anandisinthira Lenzi, Ndabwerako ndi Zithunzi za Makutu

Aphungu,

Ndikulemba kalatayi ndili ndi mkwiyo waukulu, ndiye mukaona ndikulumpha mizere mundikhululukire. Ndine mayi wa zaka 61, namwino wopuma. Tsiku lotsanzikana, anzanga akuchipatala anandipatsa mphatso ya kamera yaing'ono, yokwana m'chikwama cha m'manja, amvekere, "Mwayenda mokwanira m'mawodi, tsopano muziyenda muziona dziko." Kamerayo inabwera ndi lenzi yake, diso lija lakutsogolo lomwe limachotsedwa n'kubwezeretsedwa. Inali yaifupi, yopepuka, ndipo ukaipotokola inkayandikitsa zinthu kapena kuzitalikitsa. M'mbali mwake munalembedwa 16-50. Tanthauzo la manambalawo sindinkalidziwa, koma zithunzi zinkatuluka bwino ndipo ndinalibe nayo mlandu.

Mwana wanga wamkazi amakhala kutali, ulendo wa tsiku ndi theka pa basi. Miyezi iwiri yapitayo anabereka mwana wake woyamba, mochita kumupanga opaleshoni. Amayi anga, omwe ndimakhala nawo pakhomo, sangathe ulendo wotero. Matenda a shuga awadya maso. Lakumanzere linafa kale, lakumanja limaona ngati munthu wosuzumira mu utsi, ndipo adokotala anatiuza mosabisa mawu kuti nalonso silifika kumapeto a chaka. Mwina mundifunsa kuti nanga foni bwanji. Tinayesa. Amayi amaiyandikitsa mpaka pamphuno n'kunena kuti akungoona kuwala. Tinatsukitsako chithunzi chochokera pafoni ya mkamwini wanga, koma titachikulitsa chinangoti mbuu.

Choncho nditayamba kulongedza, amayi anandigwira dzanja nati, "Mwanawe, ukandijambulire chachikulu. Khandalo likhale m'manja mwa amake, nkhope zonse ziwiri zioneke. Ndimuone kamodzi kokha, kenako maso awa achite zimene akufuna."

Apa ndiye analowererapo alamu anga, ang'ono awo a amuna anga. Amajambula zithunzi m'maukwati, ali ndi kasitudiyo pafupi ndi msika, ndipo anthu amangowatchula kuti a Sekererani chifukwa ndi mawu okhawo amene amakuwa tsiku lonse. Anabwera kwathu kutatsala tsiku limodzi kuti ndinyamuke. Ataona kamera yanga patebulo anaseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Alamu, mukufuna kukajambula mdzukulu ndi kachidole aka? Lenzi zobwera ndi kamerazi amangoikamo kuti bokosi lisakhale lopanda kanthu. Mundichititsa manyazi ine, anthu adzati pabanja pali katswiri koma zithunzi zili chonchi." Anatulutsa m'chikwama chawo chilenzi chachitali ngati botolo la sikwashi, cholembedwa 200, n'kuchilumikiza ku kamera yanga ndi kachitsulo kena kapakati. Yanga anaiponya m'thumba la jekete, ati akandipukutire fumbi. Amuna anga anali pomwepo akugwedeza mutu ngati akumva ulaliki. Ine, mayi amene ndinayendetsa wodi ya amayi oyembekezera zaka makumi awiri, ndinathokoza. Ndinathokoza, Aphungu! Ndikakumbukira zimenezi ndimafuna kudziwomba ndekha mbama.

Mwana wanga amakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa nyumba yosanjikizana kanayi. Muli bedi, kabedi ka mwana, kabati ndi mpando umodzi, ndipo ukayenda masitepe atatu wagunda khoma. Nditaika diso pa kamera ndinaona khutu. Khutu lokha, lodzaza chithunzi chonse. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka msana kukhoma, ndinaona khutu ndi tsaya. Ndinapotokola chilenzicho uku ndi uku, koma sichiyandikitsa kapena kutalikitsa, ndipo sichikonza chokha kuti chithunzi chioneke bwinobwino ngati mmene inkachitira yanga. Ndinatsegula chitseko n'kukaima pakhonde, mpaka mayi wa chipinda choyang'anizana nacho anatuluka kudzandifunsa ngati ndine wapolisi. Kutsika panja sikukanatheka, mwana wanga anali asanapole bala ndipo mvula inagwa sabata yonse. Chinthucho chinalinso cholemera moti kamera inkagwadira pansi, lamba n'kumandicheka khosi. Ndinabwerako ndi zithunzi zoposa zana: makutu, mphuno, chigongono, ngodya ya bulangete.

Chimene sindidzaiwala ndi madzulo amene ndinafika. Amayi anali atakhala kale pampando wawo pafupi ndi windo, atapukuta magalasi. Ndinawapatsa chithunzi chomwe chinali bwinoko, cha theka la nkhope ya khandalo. Anachitembenuza kangapo, kenako anafunsa mwakachetechete, "Kodi kumwamba kwake n'kuti?" Sanandidzudzule. Anangochiika pamiyendo n'kunena kuti, "Wayesetsa, mwanawe." Bola akanandikalipira.

Ndinaimbira foni alamu aja. Anati vuto ndi ine, lenzi ya akatswiri imafuna dzanja lozolowera. Nditafunsa yanga anati aiwala pomwe anaiika, aifufuza. Sabata yatha ndinapita ku ukwati wa mwana wa mnzanga, ndipo wojambula anali iwowo. Pakhosi pawo panali kamera yawo yachiwiri, yomwe ndi ya kampani imodzi ndi yanga, ndipo kutsogolo kwake kunali kachidole kaja. Ife anamwino timaika chizindikiro pa chilichonse chathu, chifukwa sizasi yako ukaisiya patebulo siuipezanso. Pa lenzi yanga ndinadonthezapo utoto wofiira wa m'zikhadabo, ndipo kadontho kameneko ndinakaona ndi maso angawa. Tsiku lonse ankajambulira yomweyo, akwati pafupi, gulu lonse patali, osasintha n'kamodzi komwe. Nditawayandikira, iwo m'maso muli gwa anandinong'oneza kuti, "Alamu, musandisokoneze ndili pantchito, tikambirana kunyumba."

Amuna anga akuti ndizisiye, n'zapachibale, kagalasi kasatidanitse. Kagalasi! Mng'ono wawo wandidyera masuku pamutu, amayi anga akuchita khungu akudikira, iwo akuti kagalasi.

Ndibwereranso kwa mwana wanga pakatha milungu itatu. Dzulo ndinalowa m'sitolo ya makamera, mnyamata wogulitsa n'kundiyalira malenzi atatu: ina yofanana ndi yanga ija, ina yayikulupo yolembedwa 18-135, ndi ina yaing'ono ya nambala imodzi yokha, 35, yomwe akuti ndi yoona bwino m'chipinda chamdima. Iliyonse ankaitamanda ngati mwana wake, ndipo ndinatuluka mutu ukuzungulira. Aphungu, ndisankhe iti yoti igwire ntchito m'chipinda chopanikiza komanso paulendo? Nanga alamu angawa ndiwatani? Mtima wanga ukuti ndipite kusitudiyo kuja ndikawayalutse pamaso pa makasitomala awo.

Ine wopsa mtima,
E. T. K., m'tauni muno

Mayi E. T. K.,

Mkwiyo wanu ndi woyenera, ndipo sindikuuzani kuti muumeze. Alamu anu sanalakwitse mwangozi ayi. Munthu wojambula maukwati amadziwa bwino lomwe kuti lenzi ya 200 ndi yojambulira wosewera mpira ali kutsidya kwa bwalo, osati khanda pabedi. Ananyoza chinthu chanu kuti muchitaye, iwo n'kuchitola. Amuna anu nawonso akugula mtendere wa pachibale ndi maso a apongozi awo, ndipo muwauze zimenezo m'mawu omwewa.

Koma nanu ndikudzudzulani pang'ono. Ku wodi kuja, kodi mukanalola chipangizo chachilendo chifike pa wodwala musanachiyese? Munali ndi tsiku lathunthu. Mukanangoloza kamerayo kwa amuna anu pabalaza, mukanaona khutu lawo n'kuzindikira msanga. Munagonja chifukwa wolankhulayo anali ndi chikwama chachikulu ndi mawu okweza. Zimenezo zithere pomwepo.

Poyamba, musadikire milungu itatu. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Lero lomwe imbirani mkamwini wanu aitane wojambula wa komweko, alowe m'chipindamo ajambule mayi ndi mwana, akutumizireni chithunzicho chosachepetsedwa kuti mutsukitse kuno. Diso la amayi anu silikudziwa za tsiku la basi yanu. Chanu chojambula nokha chidzabwera pambuyo ngati chowonjezera.

Kachiwiri, lenzi yoyenera muli nayo kale, kungoti ili pakhosi pa munthu wina. Mawa m'mawa kulungani chibotolo chawocho, mupite nacho kusitudiyo. Musatume amuna anu, kandimverere anakanena za m'maluwa, koma apite nanu akaime pambali panu. Kachiikeni patebulo n'kunena kuti, "Alamu, nayi yanu, ndipatseni yanga ya kadontho kofiira." Musakuwe. Mukakuwa, nkhani idzasanduka ya mlamu wolongolola, ya lenzi n'kuiwalika. Akayamba za mawa kapena mkuja, khalani pampando wa makasitomala, chikwama pamiyendo, muwauze kuti ndinu wopuma pantchito ndipo simukuthamangira kulikonse. Sindikukhulupirira kuti adzapirira mpaka masana.

Ikakhala kuti aiwononga kapena akanitsitsa, bwererani kusitolo muli ndi mfundo zanu, chifukwa ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Pa manambala awiri aja, yoyamba ndi imene imakuuzani kuti lenziyo imaona motambalala bwanji. Ikachepa, m'chithunzi mumalowa zambiri. Pa kamera ngati yanuyo, 16 kapena 18 ndi imene imalowetsa bedi lonse muli chiimire pakhomo. Nambala yachiwiri ndi yokokera zakutali, ndipo 50 imakwanira nkhope ya munthu, msewu, nyumba ndi zambiri zimene woyenda ulendo amajambula. Ya 18-135 ija si yoipa, imafika patali, koma ndi yolemera ndipo kamera yanu siidzalowanso m'chikwama cha m'manja. Kamera yolemera imatsala kunyumba. Ya 35 imaonadi bwino pamdima, koma siiyandikitsa kapena kutalikitsa, ndiye mumayenda ndinu, ndipo m'chipinda cha masitepe atatu mulibe koyenda. Ine ndikanatenga yofanana ndi yanu yakale.

Musatuluke m'sitolomo musanaiyese pa kamera yanu. Ilowe yokha popanda kachitsulo kapakati. Mukadina pang'ono batani lojambulira, ikonze yokha chithunzi kuti chioneke bwino. Funsani ngati ili ndi chothandiza kuti chithunzi chisagwedezeke manja akanjenjemera. Kenako yendani masitepe atatu kuchokera pa wogulitsayo, mumuuze anyamule katoni ngati khanda, mumujambule. Iye ndi katoniyo akakwana, lenziyo yapambana mayeso. Ikolekeni pakhosi mphindi khumi mumve ngati khosi likudandaula. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, iyang'aneni poloza kuwala kuti muone ngati mulibe nkhungu kapena mikwingwirima m'kati.

Dziwaninso kufooka kwake: malenzi aang'onowa amakonda kuwala. Mukakafika, jambulani masana. Tsegulani makatani, mwana wanu akhale pafupi ndi windo, kuwala kumugwere kumaso osati kumsana. Kumbuyo kwake kukhale khoma lopanda zinthu, chotsani matewera ndi mabotolo. Fulashi, nyali ya pakamera yothwanima ija, isiyeni. Musayandikire kwambiri nkhope lenzi ili pa 16, mphuno zimatupa. Ipotokoleni ifike cha m'ma 25 kapena 30, nkhope ziwirizo zidzaze chithunzi. Jambulani zambiri, ndipo mutsukitse chimodzi komweko musanakwere basi, kuti ngati china chalakwika mukonze mudakali pafupi. Cha amayi chikhale chachikulu, papepala losanyezimira, chifukwa lonyezimira limathobwa m'maso ofooka.

Tsopano chenjezo langa. Lenzi ikabwerera m'manja mwanu, alamu asiyeni ndi manyazi awo. Musataye milungu itatu imeneyi pokonza mawu oti mukawalase nawo pamaso pa abale, masiku amenewa ali ndi ntchito ina. Muyenera kuzolowera kamerayo musananyamuke, ndipo woti muyesererepo muli naye m'nyumba momwemo. Ndawerenga kalata yanu kawiri, ndapezamo zithunzi zoposa zana, koma sindinapezemo n'chimodzi chomwe cha amayi anu. Nonse mukuthamanga kuti iwo aone khandalo. Khandalo nalo lidzakula, ndipo tsiku lina lidzafunsa kuti munthu amene ankalifuna chonchiyu ankaoneka bwanji. Avekeni diresi limene amalikonda, akhale pampando wawo, muwajambule mawa lomwe, diso lawo likadali lotha kupeza pamene mwaima n'kukuyang'anani.

Aphungu