Mwendo wa Bambo a Nasra

Limbe

Okondedwa Amayi,

Asalamu aleikumu. Kodi msana uja wakusiyaniko? Ine ndi Nasra, mdzukulu wanu, tikudzuka, koma nkhani ndili nayo si yabwino ayi. Amuna anga, bambo a Nasra, ali m'chipatala. Anagundidwa ndi minibasi, mwendo wathyoka pawiri.

Mukudziwa kuti amanyamula matemba panjinga kupita nawo kumsika. Msewu wachidule umene ankadzera anausandutsa wopita mbali imodzi, magalimoto onse kumangotsika okhaokha. Anzawo amalowa chobera, koma mkamwini wanuyu ndi wamantha ndi malamulo. Anayamba kuzungulira msewu wina, nawonso wa mbali imodzi, wa chikweza choti ngakhale wopanda katundu amafika pamwamba ali wefuwefu.

Tsiku limenelo mphamvu zinawathera pakati pa chikweza. Anatsika, n'kuwolokera kumanja, kumakankha njinga. Paja kwathu timaphunzitsana kuti woyenda pansi aziyenda kumanja kuti aziona galimoto ikubwera. Amayi, mumsewu umenewu kutsogolo sikubwera kanthu! Zonse zimachokera kumbuyo, ndipo kumanjako n'kumene othamanga amapitirira anzawo. Akuti sanamve ngakhale hutala.

Chandipweteka kwambiri n'choti anthu obwera kudzazonda akumanena kuti munthu wamkulu amalephera bwanji kuwerenga chikwangwani. Chikwangwani chake chiti? Kamuvi koyera kaja? Mumsewumo mulibe poyenda munthu, m'mphepete monse ndi ngalande. Ndakwiya, Amayi, ndipo ndikulira.

Adokotala anena kuti kuyenda adzayenda, koma zopalasa njinga ndi katundu aiwale. Eni ake sindinawauze. Dzulo amandifunsa ngati mawilo awongoledwa, ine n'kungoyang'ana pansi.

Pempho langa ndi limodzi. Ndinamva kuti amalume a Saidi akufuna kupereka kwa ena ndime yathu yampunga ya ku Likangala, poti ife tinakhazikika m'tauni. Chonde akaimitseni msanga mvula isanagwe. Auzeni kuti Falida akubwera kudzalima yekha. Zimene anena adokotalazi zisamveke kaye kwathu ku Kachuluko, kuopa kuti bambo a Nasra angazimve kwa ogula nsomba ndisanawauze ndekha.

Mundiperekere moni kwa amalumewo, azakhali ndi achemwali anga a Habiba. Mutikumbukire pa duwa mukamapemphera.

Nasra akufunsa kuti abambo ake adzamukwezanso liti panjinga. Mundiuze chomuyankha, Amayi.

Ndine mwana wanu,
Falida