Njinga za Achimwene Zakana Kuyenda

Lolemba, 9 Juni

Aphunzitsi a kompyuta akuti Lachisanu aliyense abwere ndi pulogalamu yoyenda. Yosayenda, ziro. Ine nditenga gemu ya mpikisano wa njinga, ija tinapanga ndi achimwene asanapite kutali kukayamba ntchito. Kunena zoona anapanga ndi iwo. Ine ndinkangokhala pa ndowa yovundikira pambali pawo, kusankha mitundu ya njinga.

Laputopu anandisiyira. Batani la W linafufutika ndi chala chawo. Ndayatsa, gemu ikuyendabe. Njinga yofiira, njinga yobiriwira, msewu womwe uja wokhotakhota. Ndasewera ndekha, dzanja lina njinga yanga, lina yawo. Sizikoma.

Lachiwiri, 10 Juni

Phunziro la constructor. Aphunzitsi akuti class ndi chikombole, constructor ndiye woumba njerwa. Chinthu chilichonse chizilandira dzina pobadwa. Pulogalamu yopanda constructor sachonga.

Njinga za achimwene zilibe constructor ndi imodzi yomwe. Ndalemba yanga, yolandira dzina ndi mtundu. Kudina kuti iyende, sikirini yonse psuu, zofiira zokhazokha. Ndikaichotsa, gemu ikudzuka. Ndikaibwezera, ikufa. Ngati ikudziwa kuti dzanjali si la mwini wake.

Amayi atandiona nkhope: "Waononganso chiyani iwe?" Ndati palibe.

Lachitatu, 11 Juni

Pa buleki kuseri kwa laibulale, ndekha, laputopu pamwendo. Paliponse achimwene analemba new Njinga(), mabulaketi opanda kanthu. Ulesi wawo womwe uja. Munthu wosamanga zingwe za nsapato, wopachika thaulo lonyowa pa chitseko. Msomali wake ulipobe.

Penapake m'kodi ya gemuyo analemba kuti, "Kadzidzi asagwire apa." Ndaseka mpaka wosesa wanditembenukira. Dzinalo anandipatsa chifukwa choyang'anitsitsa anthu osayankhula. Kusukulu palibe amalidziwa.

Ndiwaimbire? Chichirireni alamu, foni yawo ndi ya moni basi. Mwina aganiza kuti ndikufuna kupempha kanthu.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaimba nditangoweruka. Mwana kulira kumbuyo. Nditatchula za gemu, achimwene: "Gemu yake iti?" Ndafotokoza. Akumbuka pang'ono, koma akuti zinali galimoto. Zinali njinga, achimwene.

Kenako mawu akale aja anabwerera, ngati ndili pa ndowa paja. "Tamvera Kadzidzi. Ukapanda kulemba constructor, kompyuta imakuikira yake mwakachetechete, yosafunsa chilichonse. Ndiyo default constructor imeneyo. Ukangolemba yako, imachotsa yake ija, imati wakula, udzionere." Ndiye mabulaketi awo opanda kanthu aja akuitana woumba amene kulibenso. Ndimulembe ndekha, pambali pa wangayo.

Ndimafuna ndifunse ngati abwera pa holide. Alamu anaitana. Foni thii.

Ndalemba. Koma njinga yosapatsidwa dzina izitchedwa ndani? Kale funsolo kunalibe, yofiira inali yawo basi. Ndangoika "Mlendo." Zofiira zonse balala. Ikuyenda.

Lachisanu, 13 Juni

Yayenda pamaso pa onse. Aphunzitsi afunsa chifukwa chake ma constructor ali awiri. Ndayankha osachita chibwibwi. Achonga.

Kenako: "Gemuyi ndi ya awiri. Mnzako ndani?" Ine maso pa nsapato. Mtsikana wina wa magalasi wa pa desiki yakutsogolo wangokoka mpando. Amadina mabatani ngati akupha nsikidzi. Wandipambana, ine mwini gemu. Anyamata akumbuyo kukuwa.

Mtsikanayo: "Bwanji njinga yangayi ikuti Mlendo? Ndilibe dzina ine?" Akuti Lolemba apeze nditakonza. Akutinso nditseke bowo la pakona yomaliza. Ukakanikiza njinga kukhoma la kumanzere, imaboola n'kutulukira pafupi ndi mzere womaliza. Iye wadutsira pomwepo.

Nditafika kunyumba ndayesa. Zoona. Ndi pamalo pomwe paja analemba kuti ndisagwire.

Zaka zonsezi sindinawapambanepo achimwene. Ndikafika pakona imeneyo ankati, "Taona amayi akukuitana," ine n'kucheuka. Ndinkauza ana a pa mzere wathu kuti achimwene anga ndi akatswiri. Mbava yeniyeni.

Dzina ndimukonzera mtsikanayo. Za bowolo ndikamuuza kuti zandikanika.