Amayi akukana handibuleki pa pikapu ya malemu bambo

Aphungu,

Ndine bambo wa zaka 41, wapabanja, mkulu wa mpingo, ndipo ndikulemba ndi manyazi chifukwa ndakhala ndikunama kwa miyezi inayi.

Bambo anga anali mmisiri wa matabwa. Atamwalira chaka chatha anandisiyira pikapu yawo yoyera, yakale kuposa ukwati wanga. Galimotoyi ilibe handibuleki. Chogwirira chilipo, koma mukachikoka chimangobwera chopepuka, chifukwa zingwe zake kunsi kulibe. Zinachita dzimbiri n'kuduka ndili Fomu 2. Bambo anazichotsa zonse ndi pulayala, amvekere, "Tigula mwezi wa mawa." Mwezi wa mawawo sunafike.

M'malo mwake anasema chipika cha mtengo wolimba, chosongoka mbali imodzi, n'kumangirirapo kachingwe kogwirira kuti amayi asamadziphwanye zala. Chinkakhala kumapazi kwa amayi. Kulikonse kumene afika, kaya kokatula mipando, kaya kutchalitchi, bambo ankaponda buleki n'kunena kuti, "Amayi, ntchito." Amayi n'kutsika, kukaika chipika kutayala la kumbuyo, kenako n'kumenya bodi ya galimoto kawiri ndi chikhatho. Apo m'pamene bambo ankachotsa phazi. Anzawo akamawaseka ankawayankha kuti, "Handibuleki yanga ndinaikwatira kutchalitchi. Yanuyo imakuchapirani?" Ngakhale tsiku loti ayambana m'nyumba, osalankhulana njira yonse, kugogoda kuwiriko kunkamveka ndithu. Anafe tikakumva tinkadziwa kuti banja likadalipo.

Amayi tsopano ali ndi zaka 74, mawondo akuvuta, ndipo tikukhala nawo kwathu. Lamulungu lililonse ndimawatenga pa pikapu yomweyo, chipika chili kumapazi. Mawu a bambo aja ndimawanena ine, ndipo ndikawanena amayi nkhope imawala.

M'bale wina wa mumpingo, yemwe ndi makaniko, analowa kunsi kwa galimotoyi n'kutuluka akupukusa mutu. Anati, "Akulu, inu mukuyendera chisomo chokha." Anandipezera zingwe zonse zitatu. Nditawauza, amayi anati, "Chabwino, mwana wanga. Bambo ako anapita, ine undichotse ntchito. Chipikacho musonkhezere moto." Tsiku limenelo sanadye.

Ndiye ndinakulunga zingwezo m'thumba n'kuzibisa pamwamba pa wadilopu. Akazi anga ndinawauza kuti zipangizo za galimoto yakale chonchi sizikupezekanso. Makaniko uja ndimamuzemba pakhomo la tchalitchi, ine mkulu wa mpingo.

Lamulungu lapitali tinaima pomwe timaima nthawi zonse, pamalo otsetsereka pang'ono. Amayi anatsika. Ndinamva kugogoda kuwiri, n'kuchotsa phazi ndisanalowetse giya. Aphungu, sikunali kugogoda kuja. Bondo linawapereka, ndiye ankangogwira bodi kuti asagwe. Galimoto inabwerera m'mbuyo. Ndinaponda buleki msanga, koma inali itawakankha kale paphewa. Ndinawapeza ali chagada m'fumbi, dzanja lili pafupi ndi tayala, chipika akuchigwirabe. Anadzuka akusasa diresi yawo, nati, "Usauze munthu. Ndapunthwa ndekha."

Tsikulo ndinatsogolera pemphero, koma sindikukumbuka zomwe ndinapempha.

Tinaphunzitsidwa kulemekeza makolo. Kodi ndikaika zingwezi, n'kuwalanda chinthu chimodzi chotsala cha iwo ndi bambo, ndiye kuti ndawalemekeza? Nanga ndikapanda kuika? Ndithandizeni, mtima wanga sukupuma.

L.M.C.

Bambo L.M.C.,

Tsitsani thumba lija pamwamba pa wadilopu lero. Galimotoyo isanyamulenso munthu mpaka zingwe zitalowa. Pa mfundo imeneyi palibe zokambirana, ngakhale ndi amayi.

Yambani ndi akazi anu. Auzeni zonse: bodza, thumba, ndi kugwa kwa apongozi awo. Akalipa apo, koma mwawanamiza miyezi inayi, ndiye mphindi khumi zokha muzipirire. Amayi anu mupite nawo kuchipatala akaonedwe phewa ndi bondo. Munthu wa zaka 74 akati wangopunthwa, timakaonetsa ndithu.

Kenako mupezeni makaniko uja, mupepese, ndipo ntchitoyi agwire iyeyo. Aike zingwe zonse zitatu, cha kutsogolo ndi ziwiri za kumatayala a kumbuyo. Popeza zakale zinachotsedwa kalekale, mulibe choyerekezera, choncho ayambe waona ngati kutalika kwake kukugwirizana ndi galimoto yanu. Aonenso ngati kachitsulo kolumikiza zingwezo ndi tomangira take zikadalipo, chifukwa pulayala ya bambo anu mwina siinasankhe. Atsegule mabuleki a kumbuyo. Tizitsulo tomwe zingwe zimakoka takhala zaka zambiri osagwedezeka, mwina tinauma. Akamaliza, mukaiyese limodzi pamalo otsetsereka aja, inu muli pampando phazi lili pafupi ndi buleki, kumbuyo kulibe munthu.

Tsopano za amayi. Mukuganiza kuti muyenera kusankha pakati pa chipika ndi handibuleki. Anakuuzani ndani? Madalaivala osamala amakoka handibuleki, kulowetsa giya, n'kuikanso chipika akaima potsetsereka. Chipika sichikupita pamoto. Chomwe chisinthe ndi nthawi yake yokha. Muziyamba mwakoka handibuleki, kulowetsa giya, kuzimitsa injini, n'kutsika kukawatsegulira chitseko. Mukatero m'pamene muzinena kuti, "Amayi, ntchito." Aike chipika inu muli pambali pawo, ndipo amenye bodi kawiri monga kale. Tsiku limene bondo lakana, muwerame ndinu, iwo agogode.

Muwauze zimenezi poyera, osati kukaika zingwe mobisa. Bodza limodzi lakwana. Khalani nawo pansi muwauze kuti munamva kugogoda komwe sikunali kugogoda, ndipo simukufuna kudzakumvanso. Akanyanyala chakudya, asiyeni anyanyale tsiku limodzi. Mayi wokwiya mutha kumupepesa.

Ndipo onani bwino chipikacho. Bambo anu sanamangirirepo kachingwe kaja pofuna kukongoletsa. Anaona zala za mkazi wawo zili pafupi ndi tayala, mtima sunawalole. Kugula zingwe anachedwa, inde, monga timachedwera tonse. Koma mawondo amene ankadalira aja anali a mayi wa zaka zosakwana makumi asanu. Akanaona zimene inu munaona Lamulungu lija, akanakwawira kunsi kwa galimoto ndi suti ya kutchalitchi. Mukaika zingwezi simukufafaniza bambo anu. Mukungofikitsa mwezi wa mawa uja.

Chenjezo langa ndi ili: musalowe kunsi kwa galimoto yoimikidwa pa jeke yokha, ndipo kuyambira lero musachotse phazi pa buleki chifukwa cha zomwe mwamva ndi khutu. Amayi anu muziwaona ndi maso, ataima pambali, musanakhulupirire kugogoda kulikonse.

Aphungu