Nsambo ya Matumbo a Mbuzi

Makandanyama, Kabwe

Okondedwa Achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko ku Mangalande. Kuno tadzuka tonse, atate okha ndiwo akutsokomolabe.

Nsambo yachiwiri ya chelo cha kusukulu, chigitala chachikulu choimba ndi uta chija, inaduka ndili mkati mwa nyimbo yakale yodekha ija, imene aphunzitsi athu a Banda amati ndiziimba ngati munthu wovina mwaulemu. M'masitolo mulibe nsambo, monga mulibenso sopo. A Banda anati, "Mnyamata, eni nyimbozi ankapanga nsambo ndi matumbo a nkhosa. Pita kubutchala."

A nkhosa kunalibe, ndinagula a mbuzi. Ndinafinya ndowe ndi zala zangazi, ndinawapala, kuwapota, n'kuwayanika kuseri kwa nyumba. Ntchentche za m'komboni monse zinasonkhana. Anyamata odutsa, amene amanditcha mzungu chifukwa cha chelochi, ankakuwa kuti, "Iwe mzungu, watsegula butchala?" Patapita sabata tinaimanga nsamboyo pa chelo. Nditakoka uta inalira ngati mbuzi ikuphedwa, fungo n'kundilowa kukhosi, kenaka inaduka n'kundikwapula patsaya. A Banda anangoti, "Sunapote bwino. Kagulenso."

Sindibwererako, achimwene. Mpaka lero manja amandinyansa ndikamadya. Koma a hedi akuti chelo chikapanda kulira tsiku lotsekera sukulu, achitsekera m'kabati, ndipo ine ndilibe china chondisangalatsa pasukulupa. Chonde nditumizireni nsambo imodzi yokha, yachiwiriyo, imene amaitcha D. Ikwana mu envulopu.

Mulungu akusungeni m'chisanu chimenecho. Amayi musawauze kuti matumbowo ndinatsukira m'beseni lawo la vitumbuwa.

Ine mng'ono wanu,
Yohane